Mmene mungamvetsere Symphony No. 6 ya Tchaikovsky pa chimbale cha Mravinsky cha 1960

Symphony No. 6 ya Pyotr Ilyich Tchaikovsky wa ku Russia, nyimbo yaitali ya magawo anayi yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida (orchestra), yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina loti Pathétique, yajambulidwa kambirimbiri, koma chimbale chomwe sichichoka pakamwa pa okonda nyimbo za orchestra ndi cha wotsogolera oimba Yevgeny Mravinsky ndi gulu la Leningrad Philharmonic, chomwe kampani ya Deutsche Grammophon inajambula mu 1960. Chimbalechi sichifuna kuchimvera uku mukutsuka mbale. Muli malo omwe zida zimanong'ona mpaka munthu kuyang'ana ngati foni yazima, kenako gulu lonse n'kuphulika mosachenjeza. Womvera pa sipika ya foni amangotola phokoso la malipenga, theka la nyimbo n'kumudutsa. Tsatani ndondomeko iyi, ngakhale simudziwa kuwerenga manoti.

1. Pezani chimbale chenichenicho

Mravinsky anajambula symphony imeneyi kangapo, ndiye mukalemba dzina lake lokha pa intaneti mubwera zambiri. Pali china cha Deutsche Grammophon yomweyo cha 1956, chomwe ndi cha mono, kutanthauza kuti makutu onse awiri amamva zofanana. Palinso zina zojambulidwa pa makonsati ku Soviet Union. Chomwe mukufuna inu ndi cha stereo cha 1960, momwe khutu lakumanzere ndi lakumanja amamva zosiyana. Chaka chimenecho gululi linali pa ulendo m'mayiko a kumadzulo kwa Ulaya, ndipo kampaniyo inapezerapo mwayi: Symphony No. 4 inajambulidwa ku London mu September, pomwe No. 5 ndi No. 6 zinajambulidwa mu November mu holo ya Musikverein ku Vienna. N'chifukwa chake nthawi zambiri zitatuzi zimapezeka pamodzi, pachikuto pali chizindikiro chachikasu cha kampaniyo.

Njira yachangu yotsimikizira ndi kuyang'ana kutalika kwa magawo. Loyamba ndi la mphindi pafupifupi 17 ndi theka, lachiwiri ndi lachitatu mphindi 8 kapena kupyola pang'ono, lomaliza silifika mphindi 10. Zonse pamodzi ndi pafupifupi mphindi 44.

Tsitsiranitu nyimboyo mu foni musanayambe. Netiweki ikadula pakati pa gawo lomaliza, kapena kutulukira wotsatsa malonda, ndiye kuti zonse zalowa m'madzi. Pa za bandulo, mphindi 44 pa 320 kbps zimadya pafupifupi 105 MB, pa 128 kbps pafupifupi 42 MB. Ya 128 imamveka ndithu, koma mavayolini akakwera pamwamba amayamba kusosola ndipo zinganga zimangoti tsii. Ngati mungathe, tengani yapamwambayo, poti mutsitsa kamodzi kokha.

2. Sankhani chomvera, kenako zimitsani zokometsera

Mahedifoni a waya, ngakhale otchipa, amaposa sipika ya foni kutalitali, chifukwa nyimboyi imayamba ndi kutha ndi ma double bass, zida zazingwe zazikulu kuposa zonse, ndipo mawu ake ndi otsika moti kasipika kakang'ono sikawatulutsa n'komwe. Sipika imodzi ya Bluetooth imasakaniza kumanzere ndi kumanja, ndiye simudziwa komwe chida chilichonse chakhala. Ngati muli ndi masipika awiri, atalikitseni pafupifupi mamita awiri, inu n'kukhala kutsogolo pakati pawo pa mtunda wofananawo. Sabuwufa ya pabalaza itsitseni besi mpaka pakati, apo ayi ng'oma za timpani zimeza ma cello.

Mu app, zimitsani izi: shuffle, chifukwa magawo anayiwa ayenera kubwera motsatana; crossfade, yomwe imalowetsa gawo lotsatira loyamba lisanathe; equalizer kapena bass boost; komanso chilichonse cholinganiza voliyumu. Pa Spotify chimatchedwa Normalize volume, pa Apple Music ndi Sound Check, pa YouTube ndi Stable volume. Zimenezi zinapangidwa kuti nyimbo zosiyanasiyana zizimveka mofanana, pomwe Tchaikovsky ankafuna dala kuti zisafanane.

3. Ikani voliyumu kamodzi kokha

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amayamba gawo loyamba, samva kanthu, n'kukweza mpaka kumapeto, ndiye patapita mphindi zingapo akuvula mahedifoni makutu akulira. Kuyambira pamenepo chala sichichokanso pa batani.

Chitani chonchi. Pitani ku gawo lachitatu, mudumphe mpaka mphindi yomaliza, pomwe gulu lonse likuimba ndi mphamvu zake zonse. Ikani voliyumu pamlingo woti phokosolo ndi lalikulu koma silikupweteka. Bwererani kumayambiriro kwa gawo loyamba, osakhudzanso. Ngati pamenepo simukumva ma double bass, vuto si voliyumu, ndi chipinda. Zimitsani fani, tsekani zenera, kapena dikirani usiku. Kaphokoso kakang'ono koti sss kamene mumve pansi pa nyimbo ndi ka tepi yomwe anajambulira, si kuti mahedifoni afa. Pakapita mphindi imodzi khutu limakaiwala.

4. Zochepa zoyenera kudziwiratu

Tchaikovsky analemba symphony imeneyi pakati pa February ndi August 1893, nthawi yambiri ali kunyumba kwake ku Klin, ndipo anaipereka kwa mwana wa mlongo wake, Vladimir Davydov. Anaitsogolera yekha koyamba ku St Petersburg pa 28 October 1893. Patatha masiku 9, pa 6 November, anamwalira ali ndi zaka 53, ndipo zomwe zinalengezedwa n'zoti anafa ndi kolera. Mukaona pena palembedwa 16 October musadabwe, kalendala ya ku Russia nthawi imeneyo inali m'mbuyo ndi masiku 12. Ambiri amamva nyimboyi ngati kutsanzika kwa munthu wodziwa kuti akufa, koma kumbukirani kuti anaimaliza mu August ali bwinobwino, akunyadira kuti ndi ntchito yake yabwino koposa.

Mravinsky, yemwe anabadwa mu 1903 ndi kumwalira mu 1988, anatsogolera Leningrad Philharmonic kwa zaka 50 kuyambira 1938, mu mzinda womwewo momwe symphonyi inamvekera koyamba, poti nthawiyo St Petersburg unkatchedwa Leningrad. Ankadziwika ndi kubwereza mapulakatisi mosatopa, ngakhale pa nyimbo zomwe gulu lake linkazidziwa pamtima. Zotsatira zake ndi zomwe muzitchera khutu: anthu ambirimbiri akusintha liwiro ndi kukula kwa mawu nthawi imodzi popanda wotsalira. Iye saimika nyimbo kuti ailirire. Amaiyendetsa, ndipo chisoni chimapweteka kwambiri chifukwa palibe akuchikokomeza.

5. Gawo loyamba: Adagio (pang'onopang'ono), kenako Allegro non troppo (mwachangu koma osanyanya)

Ili ndiye lalitali ndipo muli zambiri, choncho ligaweni m'maganizo.

Masekondi oyamba, ma double bass amagwira mawu otsika, ndipo pamwamba pawo bassoon imodzi, chitoliro chachitali cha mawu a besi, imakwera masitepe awiri n'kubwerera imodzi. A kwaya amene amadziwa sofa amva l t d t. Gwirani kanyimbo ka manoti anayi kameneka, chifukwa liwiro likangosintha ma viola, zida zazingwe zokulirapo pang'ono kuposa vayolini, amakatenga n'kukathamangitsa, ndipo ndiko kamanga mbali yaikulu ya gawoli. Tcherani khutu mmene zida zazingwe za ku Leningrad zikudulira manoti afupiafupi: noti iliyonse ikumveka payokha ngakhale akuthamanga.

Pakadutsa mphindi zinayi kapena zisanu, zonse zimatsika, ma viola n'kukwera okha, kenako pamabwera chuni chomwe chinatchukitsa symphonyi. Chimaimbidwa ndi mavayolini ndi ma cello atavekedwa kachipangizo kofewetsa mawu, n'chifukwa chake amamveka ngati ali kuseri kwa chitseko. Mu sofa chimayamba chonchi, motsika: m r d l s m s d l s. Otsogolera ambiri amachikoka pano mpaka kutsala pang'ono kuima. Mravinsky amachilola kupuma koma osachigoneka, ndipo mukamvetsera bwino muona kuti mzere uliwonse ukukula pang'onopang'ono n'kubwerera, osati kudumpha. Pakati pake chitoliro cha flute ndi bassoon zimayankhizana, china chikakwera chinzake n'kutsatira, kenako chuni chija chimabwerera ndi mphamvu zambiri.

Tsopano konzekani. Clarinet imodzi, chitoliro cha mawu ofewa, imatenga chunicho n'kumatsika nacho, mawu akucheperachepera. Pa manoti anayi omaliza Tchaikovsky analemba chilembo p kasanu n'kamodzi, pppppp, pomwe p mmodzi amatanthauza kale kuti motsitsa. Anawalembera bassoon, koma poti n'kovuta kuti bassoon inong'one chotero, magulu ambiri amawapereka kwa bass clarinet. Apa ndi pomwe dzanja limayabwa kuti likweze voliyumu. Lisiyeni. Chotsatira ndi kugunda kumodzi kwa gulu lonse, pafupifupi pakati pa gawoli, ndipo pa chimbalechi kumabwera mwankhanza.

Kuchoka apo kanyimbo ka manoti anayi kaja kamasanduka ndewu, zida zazingwe zikulandizana, malipenga akutsetsereka pamwamba pawo. Pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri phokoso limatsika, ndipo zida zamkuwa zimaimba motsitsa mzere umodzi waufupi, wa manoti oyandikana, ngati wa kwaya ya m'tchalitchi. Ndi wa m'tchalitchidi: unatengedwa mu mwambo wa maliro wa mpingo wa Orthodox ku Russia, pemphero lopempha kuti womwalira apumule pamodzi ndi oyera. Umatha m'masekondi ochepa ndipo subweranso, choncho woyamba kumvera amauphonya kawirikawiri. Mukauphonya pitirirani, mudzaufunafuna ulendo wachiwiri.

Pachimake pa gawoli ndi pomwe timpani ndi ma bass zimagwira noti imodzi kwa nthawi yaitali, mavayolini akulira pamwamba, ma trombone akuyankha motsika sitepe ndi sitepe. Apa mumve bwino mawu a zida zamkuwa za ku Soviet Union za nthawi imeneyo: akuthwa, onjenjemera pang'ono, ma horn ake nthawi zina kumveka ngati saxophone. Ena amati n'zaukali mopitirira, ndipo n'zoona kuti si mawu osalala a ku Berlin kapena Vienna. Koma pamalo ano kusalala sikukanathandiza kanthu. Chuni chokoma chija chimabweranso, ndipo gawoli limatha zida zazingwe zikukodola zingwe ndi zala, kutsika d t l s f m r d mobwerezabwereza, pansi pa nyimbo yodekha ya zida zouzira.

6. Gawo lachiwiri: werengani mpaka 5

Gawoli, lotchedwa Allegro con grazia, limamveka ngati gule wa waltz, koma waltz imawerengedwa 1-2-3, pomwe iyi ili ndi mabiti asanu. Imayenda ngati munthu wovina atavala nsapato imodzi. Ma cello ndiwo amayamba. Gogodani chala pa bondo mukuwerenga 1-2, 1-2-3. Chokuthandizani n'chakuti pa biti yachitatu pali timanoti titatu tothamanga, pomwe mabiti ena anayiwo ali ndi noti imodzi imodzi. Mukasokonezeka, dikirani timanoti titatuto, muwerenge kuti 3, n'kupitiriza.

Pakati pa gawoli pamabwera chuni china chotsika, chodandaula. Musatsate chunicho chokha. Pansi pake timpani, ma bass ndi ma bassoon zikugunda noti imodzimodzi ya D pa biti iliyonse osalekeza. Ngati simukukumva kugunda kumeneko, chomvera chanu chikudula besi.

7. Gawo lachitatu: musaombe m'manja

Gawoli, lotchedwa Allegro molto vivace, limayamba ndi timanoti tothamanga ta zida zazingwe ndi zitoliro, ndipo mkati mwa piringupiringuyo oboe, chitoliro cha mawu akuthwa, imaponya kachidutswa ka nyimbo ya perete. Ma trombone, ma horn ndi malipenga amakatola m'zidutswazidutswa, mpaka ma clarinet n'kuimba nyimbo yonseyo koyamba, motsitsa. Ntchito yanu pano ndi imodzi: tsatirani kachidutswako pomwe kakusamuka kuchoka ku chida china kupita ku china, kakukula, mpaka kumapeto komwe ng'oma yaikulu ndi zinganga zimalowa.

Otsogolera ena amachepetsa liwiro peretiyo ikabwera komaliza, kuti imveke yolemera. Mravinsky amangoiyendetsa mosabwerera m'mbuyo, ndipo mmalo momveka ngati chikondwerero imayamba kuopsa. Pa chimbale chonsechi, pano ndi pomwe luso la gululi limaonekera poyera.

M'maholo ambiri anthu amaomba m'manja gawoli likatha, poganiza kuti nyimbo yatha, popeza ma symphony a nthawi imeneyo ankatha ndi gawo lachangu laphokoso. Tchaikovsky anasinthanitsa dala, n'kuika lapang'onopang'ono kumapeto. Kwa womvera pa foni, cholakwika chofanana nacho ndi kuimitsa nyimbo pano kuti ayankhe uthenga. Musaimitse. Masekondi ochepa a pakati pa peretiyo ndi noti yoyamba ya gawo lomaliza ndi mbali ya nyimbo.

8. Gawo lomaliza: Adagio lamentoso

Zida zazingwe zimalowa ndi chuni chotsika, m r d t l t. Pali chinsinsi pa kalembedwe kake. Poyamba penipeni palibe gulu la mavayolini lomwe likuimba chunichi lonse. Mavayolini achiwiri amaimba noti yoyamba, oyamba n'kuimba yachiwiri, n'kumasinthana chotero, khutu lanu ndilo limalumikiza. M'nthawi ya Tchaikovsky magulu awiriwa ankakhala mbali zosiyana za wotsogolera, choncho chuni chinkadumpha kuchoka kumanja kupita kumanzere. Chikabweranso pambuyo pake, mavayolini oyamba amachiimba lonse okha. Yerekezani malo awiriwa, loyambalo limamveka lolimba ndi lothinana kuposa lachiwiri.

Ma bassoon akatsika mpaka pansi, ma horn amayamba kugunda mofatsa, mopingasa ndi biti, ndipo pamwamba pake pamabwera chuni chachiwiri cha manoti anayi otsika, d t l s. Chimayamba ngati chitonthozo, chimabwerezedwa chikukwera, chikuthamanga, mpaka kugwa n'kusiya zii. Mravinsky salola kuti kukweraku kufike pachimake msanga. Yesani kuona pomwe mukuganiza kuti mawu afika pothera, mupeza kuti wasungabe ena.

Chuni choyamba chikabwerera n'kufika pachimake kachiwiri, mverani ma horn akulira mokalipa pansi, mawu okhala ngati a chitsulo. Oimba amatseka kukamwa kwa chidacho ndi dzanja kuti atulutse mawu amenewo. Kenako pamagunda tam-tam, chimbale chachikulu chachitsulo, kamodzi kokha mu symphony yonse, ndipo motsitsa. Ambiri amayembekeza phokoso lalikulu ndiye amaiphonya. Chizindikiro chake n'chakuti nthawi yomweyo ma trombone atatu ndi tuba amayamba kuimba okha pang'onopang'ono. Mukamva ma trombone musanamve tam-tam, bwererani masekondi 15.

Chuni chachitonthozo chija chimabweranso, koma tsopano mu kiyi ya B minor, yomveka mwachisoni, ndipo chimatsika kuchoka ku mavayolini kupita ku ma cello, ma double bass akugunda pansi mpaka kuleka. Dikirani kuti app isonyeze kuti gawo latha musanavule mahedifoni, chifukwa manoti omaliza amakhalapobe khutu likaganiza kuti atha. Onetsetsaninso kuti autoplay ndi yozimitsa, kuopa kuti nyimbo ina ingalowe pomwepo.

9. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu

Musabwereze tsiku lomwelo. Mawa lake sankhani gulu limodzi la zida, mulitsatire kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasamala chuni. Yambani ndi ma bassoon, popeza ndi awiri okha ndipo Tchaikovsky anawapatsa malo ofunika m'gawo loyamba ndi lomaliza. Ulendo wina tsatirani timpani. Amene amawerenga manoti angapeze buku lonse la symphonyi kwaulere pa webusaiti ya IMSLP, pansi pa Op. 74.

Mukalizolowera, yerekezani ndi chimbale china, koma gawo limodzi lokha nthawi imodzi, apo ayi khutu limatopa n'kuyamba kusakaniza. Poyambira pabwino ndi gawo lomaliza la Leonard Bernstein ndi New York Philharmonic, lojambulidwa mu 1986 ndi Deutsche Grammophon yomweyo. Manoti ndi omwewo, koma Bernstein amatenga mphindi pafupifupi 17 pomwe Mravinsky safika 10. Mverani mphindi ziwiri zoyambirira za aliyense motsatizana, muone kutalika kwa mpata womwe aliyense amasiya pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri. Poti zimbale ziwirizi zinajambulidwa pamilingo yosiyana, ikaninso voliyumu pogwiritsa ntchito mathero a gawo lachitatu la Bernstein musanayambe kuyerekeza, chifukwa chimbale chomveka mokweza chimanamiza khutu kuti ndicho chabwino.